Puloteni ya His-tag yosatuluka m'kolamu: muyambire pati?

Wophunzira wina wa kuno ku Chipata wanditumizira imelo. Akupanga puloteni ya His-tag (kamchira ka ma amino acid a histidine komwe kamagwira nickel) m'mabakiteriya a E. coli BL21(DE3), koma akaidutsitsa m'kolamu ya Ni-NTA (chubu chokhala ndi resin, timikanda ta nickel togwira puloteniyo), pomaliza sipatuluka kanthu. Akufunsa ngati agule resin yatsopano.

Musagule kaye. Pezani pomwe puloteniyo ikutsalira. Pa gawo lililonse muzitapako pang'ono: maselo asanalandire IPTG (mankhwala oyambitsa kupanga puloteniyo), atalandira, madzi a pamwamba mutaphwanya maselo n'kuzunguza mu centrifuge, zotsalira pansi, zodutsa m'kolamu, zotsukira ndi zomaliza. Zonsezi muziyendetse pa SDS-PAGE imodzi, gel yolekanitsa mapuloteni malinga ndi kukula kwawo, pomwe puloteni yanu imaoneka ngati mzere.

Kawirikawiri mzere wonenepa umaoneka pa zotsalira pansi zija. Zikatero ndiye kuti puloteni yaundana n'kukhala ma inclusion body, chifukwa pa 37°C mabakiteriya amaipanga mothamanga isanapindike bwino. Pokulitsanso mabakiteriya, dikirani OD600 (muyezo wa kuchuluka kwa maselo) ifike 0.6, ziziritsani botolo, thirani IPTG ya 0.1 mM m'malo mwa 1 mM, zigwedezeke usiku wonse pa 18°C. Kungosiya botolo pa benchi sikuthandiza, makamaka mu Okutobala pamene kuno kumatentha kupitirira 30°C. Pamafunika shaker yoziziritsa ndi magetsi oti sazima usiku umenewo. Zikakanikabe, sungunulani zotsalira pansi zija ndi urea ya 8 M. His-tag imagwirabe nickel ngakhale mu urea, koma kuti puloteni ipindikenso bwino ndi ntchito ina yaikulu, ndiye muisiye ikhale njira yomaliza.

Mzere ukakhala pa zodutsa, yambani mwayang'ana buffer, madzi omwe mumaphwanyiramo maselo. Ikhale 50 mM sodium phosphate, 300 mM NaCl ndi 10 mM imidazole (mankhwala olimbirana nickel ndi His-tag), pH 8.0, ndipo pH muiyeze mutathira kale imidazole. pH ikatsikira cha pa 6, histidine imataya nickel. Tsukani ndi imidazole ya 20 mM, tulutsani ndi 250 mM. Pophwanya maselo ndi sonicator (makina ophwanya ndi mafunde a phokoso), chubu chikhale m'ayezi: phwanyani masekondi 10, kupumira 30. Thovu likayamba, lekani, limawononga puloteni.

Yang'ananinso mtundu wa resin yanu. Yabwino imakhala ya buluu wotuwa. Ikada ngati dothi, DTT (mankhwala odula ma disulfide bond a puloteni) yachuluka mu buffer. Ikayera mbee, EDTA (mankhwala ogwira zitsulo) yachotsa nickel, ndipo ambiri sadziwa kuti EDTA imabisala m'mapilisi ena a protease inhibitor, oteteza puloteni kuti isadulidwe. Sankhani olembedwa kuti mulibe EDTA. Resin yoyerayo musataye. Itsukeni ndi madzi ambiri, thirani nickel sulfate ya 100 mM, tsukaninso, igwira ntchito. Madzi otsukirawo muwasunge m'botolo la zinyalala za mu labu, chifukwa nickel ndi poizoni.