Kamera gwirani nokha, koma m'madzi musalowe nokha

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kumajambula nkhani za pansi pa madzi muli nokhanokha, opanda silinda ya mpweya, kungodalira mpweya womwe mwakokera m'chifuwa. Kujambula, kulemba nkhani ndi kulumikiza vidiyo mukhoza kuchita nokha. Koma kutsika pansi popanda wokuyang'anirani, chonde musayerekeze.

Chimene chakukopani ndikuchidziwa. Wa silinda amatulutsa thovu ndi phokoso, nsomba n'kubalalika. Wosunga mpweya amatsika mwakachetechete, nsomba n'kumafika mpaka pagalasi la kamera.

Koma thupi limanamiza. Chimene chimakukakamizani kupuma si kutha kwa okosijeni ayi, ndi kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi (mpweya woipa umene timatulutsa popuma) m'magazi. Ndiye okosijeni akhoza kumatha inu mukumva bwinobwino, makamaka ngati munapuma mofulumira kambirimbiri musanalowe, chizolowezi chofunika kuchisiyiratu. Pa mamita 10 kupanikiza kumawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba, mapapo amafinyika kufika theka, ndipo okosijeni wotsalayo amalowabe m'magazi. Pokwera mapapo amafutukuka, okosijeni m'magazi n'kutsika mwadzidzidzi, munthu n'kukomoka atatsala pang'ono kutulukira kapena atangovuula mutu. Sakuwa, saphiriphitha. Amangozyolika n'kuyamba kumira.

Kamera ndiye imaba nzeru. Tsiku lina ndinkatsatira kamba wa m'nyanja, maso ali pasikirini, mumtima ndikuti ndingowonjezera masekondi asanu. Potuluka milomo inali itada, manja akunjenjemera, kamera ikundipulumuka. Mnzanga ndi amene anandigwira chibwano kuti pakamwa pasalowe madzi, uku akundiuza kuti ndipume. Mpaka lero sindikumbukira mmene ndinafikira pamwamba.

Luso silitchinjiriza munthu. Natalia Molchanova wa ku Russia, katswiri wolowa pansi pa madzi popanda silinda amene ankatha mphindi 9 osapuma, anasowa m'nyanja mu Ogasiti 2015 pafupi ndi chilumba cha Formentera ku Spain. Sunali mpikisano, ndipo thupi lake silinapezeke.

Yambani ndi maphunziro, monga a bungwe la AIDA la olowa pansi pa madzi popanda silinda, pamodzi ndi mnzanu amene muzilowa naye, kuti naye adziwe kupulumutsa wokomoka. Wina akatsika, wina azikhala pamwamba akumuyang'ana, ndipo apitirize kumuyang'ana masekondi 30 atatuluka. Woyang'anirayo asagwire kamera, ntchito yake ndi inu basi. Mukatuluka muzipuma nthawi yosachepera kawiri imene munakhala pansi.

Kamera muziitchereratu muli pamwamba, mutadziwa kale chithunzi chimodzi chomwe mukutsikira. Musalimbane ndi kuya. Mtundu wofiira umayamba kuzimiririka pa mamita 5 okha, choncho zithunzi zowala bwino zili kufupi ndi pamwamba. Ngati nkhani ikufuna kudikira, monga nsomba yolondera mazira ake, ikani kamera pa choimikira cholemera, muisiye ikujambula, inu mukwere mukapume. Mudzaitenga ulendo wotsatira.