Kodi nthanda ndi nyenyezi kapena ayi?

Bambo wina wa ku Furancungo, m'boma la Macanga, walemba kuti: "Mdzukulu wanga wabwera kuchokera kusukulu n'kundiuza kuti nthanda si nyenyezi koma planeta yotchedwa Vénus, ndiponso kuti yowala kwambiri ija timaiona dzuwa litangolowa ndi yomweyo. Kodi takhala tikuphotchola Chichewa zaka zonsezi?"

Bambo, simunaphotchole, ndipo mdzukulu wanu nayenso sananame. Nthanda ndi dziko lozungulira dzuwa ngati lathuli, lachiwiri kuchokera kudzuwako, ndipo ilibe kuwala kwakekwake koma imangobweza kwa dzuwa. Popeza njira yake ili m'kati mwa njira ya dziko lathu, siitalikirana ndi dzuwa, n'chifukwa chake simudzaiona pamutu pakati pa usiku. Imatha miyezi ingapo ikuoneka kuzambwe madzulo, kenako imasowa n'kudzatulukira kuvuma m'bandakucha, ndipo ulendo wonsewu umatenga masiku pafupifupi 584. Koma liwu lakuti nyenyezi silinabadwire m'kalasi. Ine ndikalimva ndimamvamo kunyezimira, ndipo kwa Mchewa chilichonse chonyezimira kuthambo usiku, kupatula mwezi, ndi nyenyezi basi, ngakhale kamwala kaja kamayaka polowa mumlengalenga ife n'kumati nyenyezi yagwa. Mwanayo alembe planeta pamayeso, koma asakudzudzuleni pakhonde panu.

Dzina lakuti nthanda likakhala palokha limanena ya m'mawa. Ndinakulira m'munsi mwa phiri la Domwe kuno ku Angónia, ndipo agogo anga aakazi analibe wotchi. Tsiku la msika ankatuluka atafunda nsalu ziwiri, n'kuyang'ana kuvuma, n'kugogoda pagowelo kuti, "Nthanda yatuluka, senzani madengu." Tinkanyamuka ndi mbatatesi pamutu, mame akutinyowetsa mpaka m'mawondo. Ya madzulo ija ankaitchula kuti mkazi wa mwezi, chifukwa mwezi ukangokhala kumene ziwirizi zimaoneka moyandikana. Wofuna kunena kuti nthanda ya madzulo anene, sindimuletsa, popeza chinthucho n'chimodzi.

Chimene chimandiwawa ine si planeta ayi. Chimandiwawa n'chakuti ana athu amati Três Marias, Cruzeiro do Sul ndi Via Láctea, osadziwa kuti zonsezi zinali ndi mayina kale Chipwitikizi chisanafike m'mapiri muno. Tsegulani Buku Lopatulika, lomwe linatuluka koyamba mu 1922, pa Yobu 9:9, ndipo mupeza mayina anayi m'ndime imodzi: Mlalang'amba, Akamwiniatsatana, Nsangwe ndi Kumpotosimpita. Omasulira aja sanawapeke, anachita kuwamva pakamwa pa anthu.

Taonani Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zija zondondozana pamzere umodzi. Apwitikizi anaonamo amayi atatu otchedwa Maria, pomwe ife tinaonamo amuna okwatira m'mudzi umodzi akutsatana m'kanjira, makasu paphewa, kupita kukalima kwa apongozi. Dzinali silikanabadwa pakati pa anthu osadziwa chikamwini. Nsangwe ndi kagulu kaja kothithikana, komwe wa maso akuthwa amawerengamo zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Kamatuluka kuvuma chisisira chitangogwa m'mwezi wa November, mizere itakonzeka, anthu akudikira mvula yobzalira, ndipo Azulu, abale a Angoni athuwa, amakatchula isiLimela, momwe aliyense angamvemo kulima. Kumpotosimpita ndiye dzina lokoma koposa, chifukwa ndi chiganizo chathunthu chimene nyenyeziyo ikudzinenera yokha. Sindikayika kuti limanena zinayi zija zooneka ngati mtanda, zomwe ana amati Cruzeiro do Sul, pakuti zimakwera kumwera, n'kupendekeka, n'kutsikiranso kumwera komweko osadutsa pamutu ngakhale kamodzi.

Pa Mlalang'amba ndiye ndakhala ndikulimbana ndi anzanga kwa zaka zambiri, ndipo umenewu ndi womwe ana amati Via Láctea. Ng'amba tonse timaidziwa, ndi dzuwa lija limaomba mvula itadula, chimanga n'kupota masamba. Vuto lili pa mlala. Ena amati akuchokera ku kulala kwa khasu lotha, ena amati ndi mlaza wolukira mikeka, koma ine ndimakana zonse ziwiri. Kulala m'Chingoni ndi kugona, ndipo ndimakhulupirira kuti makolo a Achewa analinso ndi liwu lomwelo lisanazimirike, moti Mlalang'amba ndi chinthu chogona chopingasa thambo panthawi youma. Umboni wanga ndi maso. Tulukani panja mu June kapena July, mwezi uli mumdima, kutali ndi magetsi a ku Ulongwe, nthawi yomwe mitambo yatha ndipo utsi wa lupsa sunayambe, ndipo mudzauona mkukuluzi woyera ngati ufa wotayikira m'njira utagona kuchokera mbali ina ya thambo kufika mbali inayo. Zimenezo ndi nyenyezi zosawerengeka, zakutali kwambiri moti diso silingazilekanitse.

Bambo, ngati ku Macanga kuli dzina lina la nyenyezi ya madzulo ija losiyana ndi mkazi wa mwezi, kafunseni amayi achikulire a m'mudzi mwanu ndipo mundilembere monga momwe alitchulire.