Godzilla wanga anali buluzi wodya nsomba, ndiye mufuna munditani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Kasungu ndipo ndakhala nayo masiku asanu osayankha, osati ulesi ayi, koma inanditokosa pachilonda. Akuti analemba mu gulupu ina ya mafilimu kuti Godzilla yemwe amamukonda ndi wa 1998 uja, anthu anawaseka mpaka wina kuwauza kuti sanaonepo Godzilla chibadwire. Ndiye akufunsa kuti kodi weniweniyo ndi uti, ndipo ayambire pati kuonera.

Achimwene pepani. Kokani mpando, nane anandichita zomwezo.

Ine Godzilla ndinakumana naye koyamba mu vidiyo sho ku Bangwe ndili sitandade 6. Ndalama yolowera inali chenji cha mafuta ophikira omwe mayi anandituma, ndipo zomwe zinandionekera nditafika kunyumba usiku ndi nkhani ya tsiku lina. Kachipinda kopanda windo, mabenchi a matabwa, fungo la thukuta ndi zitumbuwa, ka TV pamwamba pa kabati, tepi yake yojambulidwa kuchokera ku tepi ina yomwe nayonso inajambulidwa kwina, ndiye onjezani kuti filimuyo pafupifupi yonse ndi mvula ndi mdima, timangoona mwendo apa mchira apo. Nthawi imeneyo kunalibe zomasulira m'Chichewa zomwe ana a lero akusimba nazo lokomazi, tinali ndi mkulu wina wokhala benchi yakutsogolo yemwe chizungu sankachimva koma ankatifotokozera chilichonse mosadodoma. Iyeyo ndi amene anatiuza kuti chilombocho ndi ng'azi yomwe inamwa mankhwala a azungu. Ndikaganiza pano sanaphonye kwenikweni.

Ndimakumbukira Matthew Broderick ataima m'dzenje akufunsa kuti chomwe amuitanira chili pati, osadziwa kuti dzenjelo ndi phazi. Holo yonse inakuwa. Ndimakumbukira mulu wa nsomba pakati pa msewu mu New York, mazira atadzadza mu Madison Square Garden, taxi ili mkamwa mwa chilombo, kenako pa Brooklyn Bridge paja chitakodwa m'mawaya ndege zikuchithira mizinga, diso likutsekeka pang'onopang'ono. Ndinalira. Mumdima muja palibe anaona koma ndinalira ndithu.

Ndiye zaka 14 zonse ine ndikuyenda ndi chidziwitso choti Godzilla ndi ameneyo basi. Mu 2014 itatuluka ya Gareth Edwards ndinalemba pa Facebook mu gulupu ina ya anthu akunja, chizungu ndinachita kuchisita bwinobwino, kuti watsopanoyu ndi wonenepa, akuyenda ngati wakhuta nsima ya pa ukwati, bola wakale uja anali ndi liwiro. Abale inu. Munthu woyamba anangoyankha zilembo zinayi, GINO. Ine ndimayesa ndi dzina lake. Ndinachita kufufuza ndi bandulo yanga yomwe, kupeza kuti ndi chidule cha mawu achizungu otanthauza kuti ndi Godzilla pa dzina pokha, mkati mulibe. Ena anabwera ndi zithunzi, ena ndi ndime zitalizitali, wina anandifunsa ngati kwathu kuli magetsi. Ndinafufuta positi ija ndi kutuluka mu gulupu usiku womwewo kkkk.

Koma chinandipweteka kwambiri ndi choti nditayamba kusaka mafilimu akale aja kuti ndikawayankhe, ndinapeza kuti penapake amanena zoona.

Eni ake a chilombochi ndi kampani ya ku Japan ya Toho, ndipo naonso sanakondwe ndi zomwe wokonza filimuyo Roland Emmerich anachita mu 1998. Anachisintha dzina n'kukhala Zilla basi, kudula God yense kutsogoloko. Sanalekere pompo, mu 2004 anachiika mu filimu yawo ya Final Wars kuti chikumane ndi Godzilla wawo ku Sydney. Ndewu yake sinakwane ndi mphindi imodzi yomwe. Mchira umodzi phwaa, chinakagwera pa Sydney Opera House, moto pamwamba, nkhani yatha. Ndinaonera kachidutswa kameneko ngati ndikuona m'bale wanga akumenyedwa pa msika ine manja ali m'thumba.

Kenako ndinaonera ya 1954, yakuda ndi yoyera, ya Ishirō Honda. Ndinkayembekeza kuseka munthu wovala chisuti cha labala akuponda tinyumba ta makatoni. Munthuyo alimodi, Haruo Nakajima, ndipo chisuticho chinkalemera pafupifupi makilogalamu 100. Kulira kwake kotchuka kuja si nyama ayi, ndi Akira Ifukube wopeka nyimbo za mufilimumo yemwe anaganiza zokhula nsambo za chigitala chachikulu choimika pansi chija ndi golovesi yachikopa yopaka utomoni. Dzina lenileni ndi Gojira, kuphatikiza mawu a Chijapani a gorila ndi namgumi. Zonsezi ndi zoti munthu ungasangalale nazo. Koma sindinaseke. Muli chipatala chodzadza anthu ogona pansi, mwana akumuyeza ndi kamakina koyezera poizoni wa nyukiliya kakungolira, mayi atakumbatira ana ake pakati pa moto akuwauza kuti posachedwa akakumana ndi bambo awo. Apa n'kuti patangopita zaka 9 chiphulitsireni Hiroshima ndi Nagasaki. Ndiponso chaka chomwecho pa 1 March, America itayesa bomba lake ku Bikini Atoll, phulusa linagwera boti la asodzi a tuna lotchedwa Daigo Fukuryū Maru, munali anthu 23, onse anadwala ndipo wa wailesi wawo Aikichi Kuboyama anamwalira mu September. Filimu inatuluka mu November, ndipo imayamba ndi sitima zapamadzi zikupsa pakati pa nyanja. Anthu omwe anakhala m'maholo muja sankaonera buluzi.

Apa ndi pomwe ndimayamba kupsa mtima tsopano, ndipo achimwene mundikhululukire ndikhota pang'ono.

Anthu omwe amatiseka ife a 1998 ambiri mwa iwo ndi omwewo amaimbira m'manja mafilimu a kampani ya ku America ya Legendary, kuyambira 2014 mpaka pano. Akuti uyu ndiye wolemekeza mwambo chifukwa ndi wojintcha, amalavula moto wabuluu, sathawa mfuti. Chabwino. Koma tamverani nkhani yake. Mu 1998 anati bomba lomwe linapanga chilombocho linali la Afalansa, kuthawa mlandu, zoona, ndikuvomereza. Nanga mu 2014 anati chani? Anati mabomba a ku Pacific aja sanali oyesa ayi, ankafuna kupha chilombo chomwe chinalipo kale. Ndiye kuti wophulitsa uja wasanduka mlonda wathu. Kufika mu 2019 ndiye anachita kunyanya, munthu wa ku Japan, dzina lake Serizawa, yemwe amayenda ndi wotchi ya bambo ake ya ku Hiroshima, ndi amene akunyamula bomba la nyukiliya kukaliphulitsa pansi pa nyanja kuti Godzilla apeze mphamvu. Bomba lasanduka phala la wodwala. Dzina lomwelo la Serizawa mu 1954 linali la wasayansi yemwe anawotcha mapepala ake ndi kusankha kufera pansi pa madzi kuti chida chomwe anapanga chisagwe m'manja mwa andale. Inu mukuti wa pa dzina pokha ndi buluzi wanga uja? Ayi ndakana. Buluzi wanga analakwa mawonekedwe, awa analakwa mtima weniweniwo, ndipo palibe amawatukwana chifukwa moto wake ukuwala bwino.

Ya 2024 ija ndiye musandiyambe. Godzilla wa pinki, akuthamanga limodzi ndi chinyani chachikulu Kong ngati anyamata othamangira minibasi yomaliza ya ku Limbe, akatopa n'kukadzipinda mu Colosseum ku Rome ngati mphaka m'dengu. Ana anga anaikonda koopsa, wamng'onoyo anaionera katatu. Ine ndinkangoona resiling'i.

Koma imani kaye, ndisadzichenjeretse. Amene anayamba zachibwanazi si Amereka. Ndi a Toho omwewo. Mu 1965 Godzilla anavina atapambana ndewu, kudumphadumpha ngati wagoletsa chigoli. Mu 1967 anamupatsa mwana, Minilla, nkhope ngati mbatata yofutsa, wolavula timikombero ta utsi mpaka bambo ake kumuponda mchira kuti moto utuluke. Mu 1971 Godzilla anauluka, eya kuuluka, chafutambuyo, akudzikankha ndi moto wa mkamwa mwake. Mu 1973 anatsetsereka pa mchira miyendo yonse ili m'mwamba kukamenya kiki. Ndiye munthu akamakuuzani kuti weniweni ndi wa ku Japan mufunseni kuti uti, wowotcha Tokyo uja kapena wovina uja? Ngakhale msinkhu sagwirizana, anayamba ndi mamita 50, mu 1984 anafika 80 chifukwa nyumba za mu Tokyo zinali zitamupitirira, kenako 100, ya 2016 118 ndi theka. Chilombo chimodzi koma aliyense amachisoka mwa muyeso wake ngati telala.

Za Shin Godzilla, poti wina afunsa ndithu

Iyi ya 2016, ya Hideaki Anno ndi Shinji Higuchi, ndi imene imagawanitsa anthu kuposa zonse. Ulendo woyamba ndinagona. Misonkhano yokhayokha, nduna zituluka chipinda ichi kukalowa chipinda icho kukapitiriza msonkhano womwewo, mayina a maudindo akungodutsa pa sikirini osatha kuwawerenga, kunja chinthu cha maso ngati a nsomba yakufa chikukwawa m'misewu ya ku Kamata chikukhavula magazi. Anthu a ku Japan anachikonda mpaka kuchitcha Kamata-kun, ngati kamwana ka pa neba. Ine ndinati zopusa.

Ndinadzaioneranso mu 2023, miyezi ingapo Freddy atadutsa, ndipo sindinagone. Filimuyo inapangidwa anthu akukumbukira chivomerezi, tsunami ndi ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima za mu 2011, ndiye muli maboti akukankhidwa mu mtsinje, magalimoto ataunjikana, anthu akuthawa chinthu chomwe akuluakulu angowauza kumene pa TV kuti sichingatuluke m'madzi. Ife a ku Blantyre amene tinaona matope ndi miyala zikutsika phiri la Soche usiku sitikufunika wotimasulira. Agogo anga ankati ndi Napolo akusamuka, kuchoka m'phiri kupita kumadzi, ndipo chomwe chili panjira pake ndi tsoka lake. Sadana nawe, sakukonda, sakudziwa n'komwe kuti ulipo. Kwa ine Godzilla akafika pamenepo ndiye wafika. Napolo sungamuchemerere ngati ekita, sungamupangire timu ndi nyani kuti akamenye adani. Tsiku lomwe ana adzayambe kugula tizidole ta Napolo womwetulira ndiye mudziwe kuti aiwala Phalombe ya 1991.

Ndipo ndi pomwepa pamene buluzi wanga wa 1998 amagwera, ndivomere ngakhale zikuwawa. Amathawa. Akaona ndege amakhota m'makona kukabisala pansi pa nthaka, akufuna nsomba ndi malo oikira mazira basi, ndipo mizinga ingapo inamumaliza. Ndi nyama yosochera, n'chifukwa chake ndinaimvera chisoni ndili mwana. Ngati filimu ya chinyama ndi yabwinobwino, Jean Reno akudandaula za khofi wa ku America mpaka lero amandiseketsa, ndipo katuni yomwe inatsatira, ya kamwana kamene kanapulumuka mu dzira lomaliza, ngakhale otukwana aja amaivomera. Koma kuopsa kwa chinthu chomwe sungachiletse mulibe.

Godzilla Minus One ya Takashi Yamazaki, 2023, ndi imene inabweza zonse m'malo mwake. Anabwerera ku mamita 50, nkhondo itangotha, Tokyo ali phulusa kale, mnyamata woyendetsa ndege yemwe anatumidwa kukafa koma anathawa, akulera mwana wosakhala wake ndi mkazi yemwe sanamukwatire m'kachisakasa ka malata. Koyamba m'moyo wanga ndinkafuna chilombo chichedwe kubwera kuti anthuwa apumeko. Chikafika ku Ginza minga ya kumsana ikutuluka umodziumodzi, moto wake si tochi yabuluu yokongola ija ayi, ndi bomba, chiutsi chokwera kumwamba, chimphepo, kenako mvula yakuda. Anthu 35 okha ndi amene anapanga zithunzi za pakompyuta, ndipo mu March 2024 anatenga mphoto ya mafilimu ya Oscar, yoyamba pa zaka 70 za Godzilla. Mkazi wanga yemwe amati mafilimu a zilombo ndi a anthu osowa chochita anapukuta maso ndi chitenje kumapeto, ngakhale mpaka lero amati unali utsi wa mbaula.

Ndiye achimwene, poyambira. Minus One kaye, chifukwa simufunika kudziwa chilichonse. Kenako ya 1954, koma muonetsetse kuti ndi ya Chijapani yokhala ndi mawu olembedwa pansi, osati ya 1956 yomwe Amereka anaidula n'kulowetsamo ekita wawo Raymond Burr. Shin Godzilla ikhale yachitatu, masana, mutamwa tiyi. Ngati muli ndi ana apatseni za Kong zija inu muzichapa mbale. Mu gulupu muja musatuluke ngati mmene ndinachitira ine, wina akadzalembanso GINO mungomuponyera kavidiyo ka Godzilla akuuluka chafutambuyo ka 1971 kaja osalembapo kanthu.

Ya 1998 ndinaioneranso mwezi watha pa laputopu, yowala bwino, koyamba kuona kuti chilombocho chili ndi chibwano chachikulu chonchija. Ku Bangwe sichinkaoneka.