Kupita ku Cooperstown ndi ana: yambani ndi kusankha tsiku

Mayi wina wa ku New Jersey watilembera imelo. Mwana wawo wa zaka 11 wayamba kusewera baseball ndipo sakuwapatsa mpumulo, akufuna akaone National Baseball Hall of Fame, nyumba yosungira mbiri ya masewerawa ndi kulemekeza akatswiri ake, ku Cooperstown m'chigawo cha New York. Funso lawo ndi lakuti, kodi angapite pa galimoto n'kubwerako tsiku lomwelo ali ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka 5?

Mayi, n'zotheka koma musatero. Kuchokera kufupi ndi New York City ndi mtunda wa mamailosi pafupifupi 200, maola anayi osaima paliponse. Muli ndi ana, werengerani asanu. Mukafika mutatopa, mukaona zinthu mothamanga, kenako mubwerera usiku m'misewu yam'midzi momwe agwape amadumphira pamsewu dzuwa likangolowa. Konzani zokagona usiku umodzi.

Chachikulu ndi tsiku. Cooperstown ndi kamudzi ka anthu osakwana 2,000, kumapeto kwa nyanja ya Otsego. Chakumapeto kwa July kumakhala mwambo wolowetsa osewera atsopano m'gulu la akatswiri, ndipo anthu masauzande ambirimbiri amadzaza kamudziko. Sabata imeneyo ipeweni. Komanso kuyambira June mpaka August, ku Cooperstown Dreams Park kumachitika mipikisano ya matimu a ana a zaka 12 kutsika pansi, ndiye makolo awo amatenga malo ogona kudakali miyezi. Ngati sukulu ikulola, sankhani May kapena September. Ngati muyenera kupita patchuthi, sungitsani chipinda msanga, ndipo yang'ananinso ku Oneonta, mamailosi oposa pang'ono 20 kumwera. M'nyengo yozizira kumakhala phee, koma chipale chofewa chimavutitsa m'misewu ya m'mapiri. Nyumbayi imatsekedwa pa Thanksgiving, Khirisimasi ndi tsiku la chaka chatsopano.

Njira yosavuta kutsatira ndi I-87 kulowera kumpoto mpaka ku Albany, kenako I-90 kumadzulo pang'ono n'kulowa I-88, n'kupatuka pa Exit 17 kulowa Route 28. Pa Thruway, msewu wolipira womwe I-87 ndi mbali yake, salandiranso ndalama pamanja kuyambira 2020. Ngati mulibe E-ZPass, kachipangizo koika m'galimoto kolipirira misewu, makamera amajambula nambala ya galimoto ndipo bilu imabwera pa positi. Galimoto ikakhala ya hayala, kampani imawonjezerapo ndalama zake, choncho funsani musananyamuke. Wa zaka 5 uja akhale pampando wake wa ana. Lamulo la New York limatero mpaka mwana atakwanitsa zaka 8. Thirani petulo musanasiye msewu waukulu.

Poimika galimoto ndi pomwe ambiri amataya nthawi. Nyumbayi ili pa 25 Main Street ndipo malo a mumsewumo ndi ochepa, a nthawi yowerengeka. M'nyengo yotentha siyani galimoto pamalo oimikapo a kunja kwa mudzi n'kukwera kabasi kotchedwa trolley.

Mukalowa musathamangire chipinda cha zikwangwani zamkuwa zokhala ndi nkhope ndi mayina a akatswiri, ngakhale chili pansi pomwepo. Mwana amene sadziwa mayinawo amangoona khoma la nkhope, n'kuyamba kufunsa za ayisikirimu. Yambani pa nsanjika yachiwiri, pamene pali mbiri ya masewerawa motsatira zaka, kenako yachitatu, pamene pali za mabwalo ndi za Hank Aaron amene anamenya ma home run 755 (home run ndi kumenya mpira n'kuzungulira ma base onse ulendo umodzi). Mukamatsikira ku zikwangwani, mayina amakhala atayamba kudziwika. Muwatume akapeze asanu oyamba, osankhidwa mu 1936: Ty Cobb, Babe Ruth, Honus Wagner, Christy Mathewson ndi Walter Johnson.

Pali dzina limodzi lomwe ndikupemphani kuti muwafotokozere ana mudakali m'galimoto: Jackie Robinson. Kwa zaka zambiri osewera akuda ankakanizidwa m'maligi akuluakulu, n'kumasewera m'maligi awoawo. Mu 1947 Robinson anavala yunifolomu ya Brooklyn Dodgers, napirira kunyozedwa ndi kuopsezedwa. Analowa mu Hall of Fame mu 1962, ndipo mu 1997 nambala yake, 42, inachotsedwa m'matimu onse kuti wina asadzapatsidwenso. Mwana amene wamva zimenezi amaima nthawi yaitali pa chikwangwani chake.

Mudzamvanso kuti baseball anaiyambitsa Abner Doubleday komweko mu 1839. Akatswiri a mbiri anatsutsa kale nkhaniyi, koma ndi yomwe inachititsa kuti nyumbayi itsegulidwe kumeneko mu 1939. Bwalo la Doubleday Field lili pafupi, n'koyenda wapansi, ndipo nthawi yotentha mungapezepo masewera.

Maola atatu akukwanirani mkatimo; wamng'onoyo sangapirire kuposa apo. Madzulo mupite naye ku Glimmerglass State Park, kumpoto kwa nyanjayo, akasambe, ndipo mawa lake munyamuke m'mawa kuti mufike kwanu kusanade.