Matcheni pa matayala akutsogolo a thalakitala: athandiza m'makande?

Funso: Ndili ndi thalakitala ya Massey Ferguson imene ndimalimira anthu cha ku Ngabu. Mvula ikangogwa, kutsogolo kumaterereka, ndikati ndikhote iyo imangopita chowongoka. Ndamva kuti kunja amamanga matcheni pa matayala. Ndingawapeze kuti, nanga amamanga bwanji?

Yankho: Achikulire, musanatulutse ndalama, kawerengeni kaye manambala a m'mbali mwa tayala lakutsogolo. Mukapeza 7.50-16 kapena 6.00-16, matayala ang'onoang'ono aja a mizere yowongoka, dziwani kuti sakoka, ntchito yawo ndi kuwongolera basi. Kuwaveka tcheni sikungakutulutseni m'matope.

Matcheni anapangira kozizira ngati ku Canada ndi Norway, kumene madzi amaundana pansi n'kulimba gwa, tcheni n'kupeza poluma. Makande athu akanyowa amamata ngati kondowole. Tayala likazungulira kawiri katatu, tcheni yonse yakwiririka, chatsala ndi chimpira chadothi choterera kuposa poyamba.

Ine ndikukayikira zinthu zina. Choyamba ndi difuloko, pedulo yoponda ndi chidendene imene imamanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi. Madalaivala ambiri amaiponda akatitimira, ndipo ikachita dzimbiri imakanirira pansi osabwerera. Zikatero matayala akumbuyo amazungulira mofanana, ndiye ngakhale mupotokole chiwongolero mpaka kumapeto, thalakitala ikulowetsani m'munda mwa eni ake. Ndinaona ina ikutsikira mu ngalande chonchi, mwini wake akutukwana matayala osalakwa. Chachiwiri ndi pulawo: ikanyamulidwa imapepula mphuno ya thalakitala, kutsogolo kuja. Kutsogolo kumafunika kusenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera konse kuti chiwongolero chimveke, choncho kolekani zitsulo zolemera pamphunopo. Ndipo muli m'munda, masulani kachitsulo kolumikiza mabuleki awiri aja, wakumanzere ndi wakumanja, muziponda wa mbali imene mukukhotera. Potuluka kupita pamsewu mubwezeretse.

Ngati yanu ndi yokoka ndi matayala onse anayi, ya matayala a 11.2-24 kapena 12.4-24 kutsogolo, matcheni angathandizeko pamene pamwamba pokha ndi poterera koma pansi ndi polimba, monga m'njira zokokera ngolo ya nzimbe kapena thonje. Komabe onani buku la thalakitala yanu, chifukwa opanga ena amaletsa kumanga kutsogolo kokha. Matayala akutsogolo amathamanga pang'ono kuposa akumbuyo, ndiye akagwira kwambiri akumbuyo akupalasa, katundu yense amagwera magiya a ekiselo yakutsogolo, ndipo ekiselo imeneyo si yotchipa.

Kupeza matcheniwo ndi ntchito. Si katundu wopezeka pashelefu, muyenera kuitanitsa kudzera kwa ogulitsa zipangizo za mathalakitala ku Blantyre, muwapatse nambala yonse ya tayala monga yalembedwera. Owotcherera pamsika ine sindiwavomereza: kamphete kamodzi kakaduka, tcheni imakwapula paipi ya mafuta a chiwongolero.

Pomanga, imikani pamalo osalala, zimitsani injini. Yalani tcheni pansi, muiwongole pasakhale popotana, nsonga za ngowe ziyang'ane kunja kuti zisadye labala. Ifunditseni pamwamba pa tayala, sunthani thalakitala pang'ono mpaka mapeto awiri akumane. Kolani ngowe yamkati poyamba, yakunja pambuyo. Yendani mamita angapo, tsikani mukungenso, chifukwa imakhwepa ndithu. Timphete totsala mumange ndi waya. Kenako khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mulowetse dzanja pakati pa tcheni ndi tayirodi (chitsulo chokhotetsa matayala akutsogolo) komanso madigadi, injini ili chizimire. Dzanja likakana kulowa, vulani, musayese n'komwe.

Muziyenda pang'onopang'ono, ndipo mukamakwera tala wa M1 kupita ku Nchalo kapena Bangula, achotseni. Pa tala amatha msanga, amakumba msewu, ndiponso mabuleki sagwira bwino.

Mawa m'mawa yambani ndi pedulo ya difuloko ija: ithireni oilo, iponderezeni ndi chidendene, muone ngati ikubwerera yokha.