Kuweta tizilombo todyetsa tarantula kuno ku Blantyre

Wowerenga wina wa ku Chilomoni watumiza imelo. Ali ndi akangaude awiri a mtundu wa tarantula, amawapatsa mphemvu zogwira kukhitchini, ndipo akufunsa ngati angamawete yekha chakudya chawo.

Achimwene, mphemvu za m'nyumbazo zisiyeni lero lomwe. Zimadutsa mmene anthu apoperamo Doom, ndipo poizoni amene mphemvu yapirira angathe kupha kangaude. Yambani ndi ma mealworm, mphutsi za kachilombo kakuda kotchedwa Tenebrio molitor. Sizilira usiku ngati nkhululu, ndipo sizikwera pulasitiki yosalala. Mphutsi 200 n'zokwanira poyambira.

Pezani makontena atatu apulasitiki. Boolani zivundikiro n'kutseka mabowowo ndi sefa wawaya, osati neti ya udzudzu, chifukwa yambiri imakhala ndi mankhwala. Thirani gaga wouma wokuya masentimita 5 mpaka 7. Gagayo ndiye chakudya, ndiyenso pogona.

Apa ndi pamene ambiri amaluzira. Chimanga chochuluka chimasungidwa ndi Actellic, ndipo mankhwalawo amatsalira kwambiri m'gaga. Musangogula pachigayo osafunsa. Bwino mukonoletse chimanga chanu chomwe simunathire mankhwala, kapena muyese kaye: ikani mphutsi 10 m'gagamo kwa sabata imodzi, zikafa mutayeni. Gaga wabwinoyo muikeni mufiriza masiku atatu kuti anankafumbwe ndi mazira awo afe.

Madzi musaikemo. Kachidutswa ka karoti kapena mbatata n'kokwanira, muzisintha pakapita masiku awiri. Chinyezi chikachuluka, makamaka nyengo ya mvula, gaga amachita nkhungu ndipo mumaswana tinthata tooneka ngati fumbi loyenda. Zikatero sefani mphutsi, gaga yense atayidwe.

Mphutsi ikakhwima imasanduka yoyera, yopindika, yosadya. Zoterozo muzitolera m'kontena yachiwiri, apo ayi zinzake zimazidya. Pakatha sabata imodzi mpaka itatu mumatuluka tizilombo takuda toikira mazira m'gaga. Masabata awiri alionse tisamutsireni m'gaga watsopano kuti tisadye mazirawo. Mphutsi zofika podyetsa muziyembekezere pakatha miyezi iwiri kapena itatu pa kutentha kwa madigiri 25 mpaka 28. Chiperoni cha mu June ndi July chimachedwetsa zonse, choncho musadabwe. Mu October musaziike pafupi ndi malata. Nyerere ndi linthumbu muziteteze poimika miyendo ya tebulo m'zitini za madzi.

Podyetsa, sankhani mphutsi yosaposa mimba ya kangaudeyo, ndipo muiphwanye mutu kaye kuti isakumbe n'kubisala m'dothi. Yobisalayo ingathe kuluma tarantula pamene akufundula. Wamkulu mumpatse mphutsi ziwiri kapena zitatu pa sabata, ndipo zosadyedwa muchotse pakatha maola 24. Akafundula, dikirani sabata imodzi kapena iwiri mpaka mano ake ade n'kulimba.