Wa 1500 akakumana ndi wa 1900 pa mpikisano wa chess

Achimwene, mwafunsa kuti popeza Loweruka lino mukasewera ndi munthu wa rating (nambala yosonyeza mphamvu ya wosewera) ya 1900 pomwe inu muli pa 1500, kodi si bwino kungosinthana naye ma piece msangamsanga kuti mulepherane? Ayi, chonde musatero.

Ine ndinayesapo zimenezi pa mpikisano wina muno mu Lilongwe. Ndinachotsa ma queen, ndinachotsa ma rook, mtima uli m'malo kuti draw ndaipeza. Titatsala ndi ma king ndi ma pawn okhaokha, mkulu uja anangoyendetsa king wake kufika pakati pa bolodi, wanga ali phee pakona, ndipo pawn imodzi yokha inandimaliza. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa sanandipose nzeru pachiyambi, ndinamutengera ndekha kumene iye amadziwa bwino. Anthu amphamvuwa endgame, kumapeto kwa masewera kukatsala ma piece ochepa, ndiye kwawo. Bolodi ikakhala yodzaza, nawonso amatuluka thukuta ndipo amalakwitsa.

Musaonenso ngati akukonderani moipa. Mu Swiss system, njira yosankhira woti asewere ndi yani pa mpikisano, raundi yoyamba imakhala choncho: theka la osewera a rating yapamwamba limakumana ndi theka la pansi.

Tsono taonani masamu a FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse. Mukasiyana ndi 400, wa rating yapamwambayo amayembekezeka kutenga 0.92 pa pointi imodzi. Ngati mpikisanowo ndi wa rating ndipo K yanu (nambala yomwe amachulukitsira powerengera kusintha kwa rating) ndi 20, mukagonja mutaya 1.6 yokha pa rating yanu, mukalepherana mupeza 8.4, mukapambana mupeza 18.4. Woyenera kuchita mantha ndi iyeyo, osati inu.

Sewerani opening (ma move oyambira masewera) yomwe mumasewera masiku onse, osati yomwe mwaionera pa YouTube usiku wa Lachisanu. Akasuntha, musanaganize zanu dzifunseni kuti akufuna kudya chiyani. Akasewera mwachangu musamutsatire, nthawi ya pa wotchi ndi yanu. Ndipo manja akhale pansi mpaka mutatsimikiza, pakuti piece mukaigwira ndiye kuti muisuntha basi, arbiter, woyimbira masewera, samva zoti ndinangoikhudza.

Masewera akatha, musathamangire minibasi ya ku Area 25. Gwiranani chanza, mutenge pepala lomwe mumalembapo ma move, mumupemphe kuti mubwereze limodzi. Ambiri savuta. Mkulu amene anandigonjetsa uja anakhala nane kwa mphindi zingapo kundionetsa pomwe king wanga anayenera kuima, ndipo opposition, kuyang'anizana kwa ma king komwe kumakakamiza wina kupatuka, ndinaimvetsa tsiku limenelo.